Mafunso ndi mayankho: akazi, banja ndi mphamvu m'masewero akale omvetsa chisoni

Mafunso awa amabwerabwera ndikamacheza ndi ana a sekondale komanso anzanga okonda zisudzo, nde ndangoti ndiwayankhe kamodzi n'kamodzi. Ena ndayankha mwachidule chifukwa palibe zambiri zonena, ena ndachita kukhalapo pansi.

Tikamati masewero akale omvetsa chisoni tikunena ati?

Azungu amati tragedy. Ndi sewero loti munthu wamkulu, kaya mfumu kaya mkulu wa asilikali, amagwa chagada ndipo pothera pake pamakhala maliro. Pali magulu awiri otchuka. Loyamba ndi la ku Athens, ku Greece, zaka za m'ma 400 BC, nthawi ya Aeschylus, Sophocles ndi Euripides. Lachiwiri ndi la ku London nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I ndi Mfumu James I, komwe kunali Shakespeare ndi John Webster. Ine ndikamba kwambiri za Oresteia ya Aeschylus ya 458 BC, Medea ya Euripides ya 431 BC, Othello ya Shakespeare yomwe inaseweredwa kunyumba ya mfumu pa 1 November 1604, ndi The Duchess of Malfi ya Webster ya cha m'ma 1613. Pakati pa magulu awiriwa pali zaka pafupifupi 2000 koma nkhani ya m'banja ndi yomweyomweyo, zimachita kudabwitsa.

Bwanji akazi amangophedwa m'masewerowa?

Amuna nawonso amafa ndithu, Othello, mkulu wa asilikali a ku Venice, amadzibaya yekha, Agamemnon, mfumu ya mu Oresteia, amafera posamba. Koma tawerengani amene akupha akaziwo. Iphigenia anaphedwa ndi bambo ake omubereka, Agamemnon yemweyo. Clytemnestra, mkazi wa Agamemnon, anaphedwa ndi mwana wake. Desdemona, mkazi wa Othello, ndi wantchito wake Emilia anaphedwa ndi amuna awo, usiku umodzi, m'chipinda chimodzi. Duchess anaphedwa molamulidwa ndi mchimwene wake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaphedwa ndi mdani wochokera kutali, onse ndi anthu omwe lamulo linkati ndi omuyang'anira.

Lamulo la nthawi imeneyo linkati chani pa mkazi wokwatiwa?

Ku Athens mkazi aliyense ankakhala pansi pa mamuna wina wake moyo wake onse, ankamutcha kyrios. Akadali mtsikana ndi bambo ake, akakwatiwa ndi mamuna wake, mamuna akamwalira ndi mwana wake wamamuna kapena wachibale wina. Samavota, samadziyankhulira yekha kukhoti, ndipo samaloledwa kupanga malonda a mtengo woposa muyeso umodzi wa barele, womwe unali malita 50 ndi pang'ono. Chinanso chomwe chimasokoneza ambiri ndi nkhani ya chuma cha ukwati. Ife tinazolowera lobola, pomwe kuchimuna ndi komwe kumapereka. Kumeneko zinali zotembenuza, bambo a mtsikana ndi omwe ankapereka chuma kwa mkamwini, nde Medea akamadandaula kuti akazife timachita kugula mamuna ndi ndalama zambiri kenako yemweyo n'kukhala bwana wa thupi lathu, akunena chinthu chomwe aliyense woonera ankachidziwa.

Ku England kunali lamulo lomwe ankati coverture. Mkazi akakwatiwa, pamaso pa lamulo iye ndi mamuna wake ankakhala munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo anali mamunayo basi. Ndalama zake ndi katundu wake zinkalowa m'manja mwa mamuna, mpaka malamulo a 1870 ndi 1882 ndi omwe anadzasintha zimenezi. Koma chomwe chimandiimitsa mutu ndi ichi: kuyambira 1351, mkazi akapha mamuna wake mlandu wake sunali wakupha wamba ayi, unkatchedwa petty treason, ngati kuukira mfumu, ndipo chilango chake chinali kuotchedwa. Mamuna akapha mkazi wake unali mlandu wakupha wamba, ankanyongedwa ngati wina aliyense. Mlandu wa petty treason unadzathetsedwa mu 1828. Nde anthu omwe ankaonera Othello ankachokera m'nyumba zotero.

Desdemona analakwa chani kwenikweni?

Kwa mamuna wake, palibe. Sanagone ndi Cassio, wachiwiri wa Othello, mmene ankamunamizira, sanaganizeko n'komwe. Chomwe anachita ndi kukwatiwa mozemba ndi Othello bambo ake Brabantio osadziwa, ndipo anthu ambiri amaiwala kuti mtsikanayu sanali wofatsa ngati nkhosa mmene ena amamuseweretsera. Ataitanidwa usiku pamaso pa akuluakulu a boma la Venice, bambo ake ali pomwepo akukalipa kuti mwana wanga wadyetsedwa mankhwala, iye anayankha mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti bambo ndinu munandibereka ndi kundilera, koma uyu ndi mamuna wanga, ndipo mmene mayi anakusankhirani inu kuposa bambo awo, inenso ndikusankha uyu. Anapemphanso yekha kuti apite nawo ku Cyprus kunkhondo, osati kutsala.

Nde taonani mmene kulimba mtima komweko kunadzamutembenukira. Brabantio potsanzika anauza Othello kuti muyang'anitsitse, wanamiza bambo ake, adzakunamizanso iwe. Iago, msilikali wa Othello yemwe ankamuda mobisa, anangotola mawu omwewo n'kuwasunga, pa nthawi yake n'kuwabweza. Mkazi amene anasankha yekha kamodzi, kwa amunawa ndi mkazi woti akhoza kusankhanso wina. Tamverani ndi chilankhulo chomwe akugwiritsa ntchito, Brabantio akumutcha Othello mbava, akufunsa kuti mwana wanga wamubisa kuti, ngati akunena thumba la ndalama.

Zoona kampango kokha kangaphetse munthu?

Funso limeneli si lanu nokha. Mu 1693 munthu wina wolemba dzina lake Thomas Rymer ananyoza sewero lonseli, mpaka kunena mwachipongwe kuti phunziro lake ndi loti akazi azisamala nsalu zawo.

Kampangoko kanali mphatso yoyamba ya Othello kwa mkazi wake, kopetedwa zithunzi za masitiroberi. Mmene kanatayikira n'zomvetsa chisoni, Othello akuti mutu ukundiwawa, Desdemona akutulutsa kampango kuti amumange pamutu, iye akukankha kuti kachepa, kakugwa pansi, onse akutuluka. Emilia akutola n'kupatsa mamuna wake Iago yemwe wakhala akumuvutitsa kuti akabe, Iago akukasiya kuchipinda kwa Cassio, Cassio akupatsa chibwenzi chake Bianca kuti akopere zopetazo. Basi umboni ndi umenewo.

Koma ine ndimati kampango sikanaphe munthu. Yerekezani milandu iwiri ya m'sewero lomweli. Koyambirira woimbidwa mlandu ndi Othello, akuti analodza mwana wa eni. Akupatsidwa bwalo, akuyankhula mpaka kumaliza, ndipo iye mwini akuti itanani mkaziyo adzanene yekha, akuluakulu akudikira, mkazi akubwera, mlandu ukutha. Kumathero woimbidwa mlandu ndi Desdemona, ali pabedi wavala zogonera, ndipo akupempha chinthu chomwechomwecho, akuti itanani munthuyo mumufunse. Othello akukana. Akupempha kuti ndithamangitseni koma musandiphe, akukana. Mundiphe mawa, lero ndigone. Theka la ola lokha. Ndingopemphera pemphero limodzi. Akuti nthawi yatha, n'kumutseka mpweya. Wodandaula ndi iyeyo, woweruza ndi iyeyo, wonyonga ndi iyeyo, ndipo polowa m'chipindamo akudziuza kuti akuchita chilungamo kuti mkaziyu asadzapusitsenso amuna ena. Mphamvu ya m'banja yomwe tikukambayi ndi imeneyi, kuti ndani ali ndi bwalo lomumvera ndipo ndani alibe.

Kunalibe achibale, kapena anthu ngati ankhoswe, oti n'kulowererapo?

Apa ndi pomwe pagona nkhani kwa ine. Wina aliyense wakwathu akamaonera Othello amafika pena n'kufunsa kuti kodi ankhoswe ali kuti, chifukwa mlandu wa chigololo sungathere kuchipinda anthu awiri okha. Koma ukwati uwu unali wozemba, wopanda woimira mbali iliyonse, bambo anasamba m'manja, kenako banja linasamukira pachilumba chodzaza asilikali pomwe wamkulu wa onse ndi mamuna yemweyo. Desdemona akadandaula kwa ndani? Moti anakagwada kwa Iago kupempha nzeru, tangoganizani.

Wachibale anabwera ndithu, Lodovico, ndi makalata ochokera ku Venice. Othello anamumenya mbama mkazi wake pamaso pake. Lodovico anadabwa, anati izi ku Venice sangakhulupirire ngakhale nditalumbira, anamuuza kuti mupepeseni akulira, n'kuthera pomwepo. Madzulo ake anadya nawo chakudya n'kutsanzika. Za m'nyumba mwa eni, eti. Usiku omwewo munthu anafa.

Medea naye amanena zomwezo poyera kwa amayi a ku Corinth, kuti inu muli ndi mzinda wanu, nyumba ya bambo anu ndi anzanu, ine ndilibe mayi, ndilibe mlongo, ndilibe wachibale woti ndithawireko. Kwawo ku Colchis, komwe lero ndi dziko la Georgia, anachokako atapereka bambo ake ndi kupha mlongo wake chifukwa cha mamuna wake Jason.

Koma ndisanamizire kuti achibale ndi mankhwala a zonse, Webster akanditsutsa. Duchess wa ku Malfi ndi mkazi wamasiye, wachitsikana, wolamulira dera lake, ali ndi chuma chake. Alongo ake awiri, Ferdinand ndi wina yemwe ndi Kadinala wa mpingo, akumuletsa kukwatiwanso. Iye akufunsira yekha kapitawo wa panyumba pake, Antonio, akumuveka mphete, akukwatirana mobisa n'kubereka ana atatu. M'banja mwakemo muli mtendere, mwina ndi banja lokhalo losangalala m'masewero onsewa, amasekana, amacheza akupesa tsitsi. Amene akumutsekera, kumuzunza ndi kumunyongetsa ndi chingwe ndi alongo ake omwewo. Ndipo nkhaniyi inachokera pa munthu weniweni, Giovanna d'Aragona wa ku Amalfi ku Italy, yemwe anasowa cha m'ma 1510. Nde wopanda achibale akufa, wokhala ndi achibale akufanso, kusiyana kwake ndi dzanja lomwe lagwira chingwe.

Emilia ndi wabwino kapena woipa? Mesa ndi amene anaba kampango?

Anatola, ndipo atafunsidwa ananama kuti sakudziwa komwe kali. Tchimo limenelo ndi lake, sindimuchotsera. Koma anatolera chani? Amanena yekha kuti sakudziwa chomwe mamuna wake akafunira, iye akungofuna kumusangalatsa. Mkazi wozolowera kunyozedwa amene akusaka kamwetulo kamodzi.

Emilia ndi amene amanena zoona zambiri m'sewero lonse. Amati amuna ali ngati mimba ife ndi chakudya, amatidya ndi njala, akakhuta amatilavula. Ndipo usiku womaliza uja akumuvula zovala Desdemona, mtsikanayo akuimba kanyimbo kachisoni komwe ankaimba wantchito wa mayi ake Barbary atasiyidwa ndi chibwenzi, Emilia akuti akazi akalakwa olakwitsa ndi amuna awo, amene amamwaza chuma chathu kwa akazi ena, amatichitira nsanje zopanda pake, amatimenya, ndipo adziwe kuti ifenso timaona, timanunkhiza, timamva kutsekemera ndi kuwawasa ngati iwo omwe.

Choonadi chitatuluka Iago akumulamula kuti pita kunyumba. Yankho lake ndimalikonda kuposa mawu onse a Othello, akuti n'koyenera kuti ndimumvere, koma osati pano, ndipo mwina kunyumbako sindidzapitanso. Akuulula zonse, Iago akumubaya, akupempha kuti amugoneke pambali pa dona wake. Anthu amalira Desdemona, Emilia mtembo wake umangokhala poteropo amuna akukamba za mbiri ya Othello ndi za amene atenge katundu wake.

Bwanji Desdemona pofa akunena kuti wadzipha yekha?

Emilia atafunsa kuti wachita izi ndani, iye anati palibe, ndine ndekha, mundiperekere moni kwa mbuye wanga wokoma mtima. Ena amati ndi chikondi choyera, ena amati ndi mmene anaphunzitsidwira kuti mkazi wabwino saulula za m'nyumba. Ine ndimaona zonse ziwiri ndipo n'chifukwa chake mawuwa amanyansa ndi kumvetsa chisoni nthawi imodzi. Chomwe chimandipweteka ndi yankho la Othello, akuti wapita kumoto ngati wabodza, ndamupha ndine. Ngakhale bodza lomuteteza iye mwini akuliwerenga ngati umboni woti mkaziyo anali wonama.

Medea ndi mfiti kapena ndi mkazi wolakwiridwa?

Zonse. Euripides sakulola kuti usankhe mbali n'kukhala phee. Theka loyamba uli naye Medea ndi mtima onse. Anathandiza Jason kutenga chikopa cha ubweya wagolide, anamupulumutsa, anamuberekera ana awiri aamuna, lero Jason akukwatira mwana wa Creon mfumu ya ku Corinth ndipo Medea akuuzidwa kuti asamuke m'dzikomo, atachonderera anangomupatsa tsiku limodzi. Jason akabwera kudzadziteteza umachita kumva manyazi m'malo mwake, akuti unandithandiza si iwe koma mulungu wa chikondi Aphrodite, akuti uzithokoza ndinakuchotsa kwa anthu osatukuka n'kukubweretsa ku Greece, akuti ukwati watsopanowu ndikupangira ana athu omwewa kuti akhale ndi abale achifumu, kenako akuti bwenzi zili bwino kukanakhala njira ina yopezera ana popanda akazi. Owonera a ku Athens ankadziwanso kuti zaka 20 m'mbuyomo, mu 451 BC, Pericles anabweretsa lamulo loti nzika ndi yekhayo amene bambo ndi mayi ake onse ndi a ku Athens, nde nkhani yosiya mkazi wachilendo n'kutenga wapamudzi sinali nthano chabe.

Ndi m'sewero limeneli momwe muli mawu otchuka aja, oti amuna amati ife timakhala mwamtendere kunyumba iwo akumenya nkhondo, koma ine bola kuima katatu kunkhondo ndi chishango kusiyana ndi kubereka kamodzi.

Kenako akutumiza ana ake ndi mphatso kwa mkwatibwi, chovala ndi chisoti chagolide zopakidwa poizoni, mtsikana akupsa, bambo ake pomukumbatira akufera pomwepo. Kenako akupha ana ake awiri. Amalimbana nawo mtima, amasintha maganizo kangapo akayang'ana maso awo, koma akupha. Chifukwa chake n'choziziritsa nkhongono, wawerengera kuti chomwe mamuna wachigiriki amakwatirira ndi ana osunga dzina, nde akumulanda ana omwe alipo ndi mkazi yemwe akanabereka ena. Ndipo salangidwa, akukwera galeta la agogo ake Helios mulungu wa dzuwa, mitembo ya ana ali nayo, ulendo wa ku Athens komwe mfumu Aegeus anamulonjeza malo. Pa mpikisano wa chaka chimenecho Euripides anakhala wachitatu, kutanthauza womaliza.

Nanga Clytemnestra, mesa iye ndi amene anapha mamuna?

Eya. Agamemnon anapereka nsembe mwana wawo Iphigenia ku Aulis kuti mphepo iombe zombo zipite ku Troy, anakhala zaka 10 kunkhondo, pobwera anabwera ndi mkazi wina Cassandra pagaleta. Clytemnestra, yemwe naye anali ndi chibwenzi chake Aegisthus, anamulandira bwinobwino n'kumuphera posamba atamukulunga ndi nsalu. Mwana wawo Orestes anadzapha mayi ake polipsira.

Gawo lachitatu la Oresteia ndi khoti, ndipo funso ndi loti choipa kwambiri n'chiti, mkazi kupha mamuna kapena mwana kupha mayi. Mulungu Apollo poikira kumbuyo Orestes akuti mayi si kholo lenileni, amangosunga mbewu yomwe mamuna wadzala. Munthu wochokera kwa Achewa, komwe mwana ndi wa kwa mayi ake ndipo mwini mbumba ndi malume, akamva zimenezi amangoseka, koma m'seweromo mfundoyi ikupambana. Mavoti akufanana, Athena, mulungu wamkazi amene akutsogolera khotilo, akuti ine ndinabadwa popanda mayi nde ndili mbali ya amuna, Orestes akumasulidwa. Za Iphigenia m'khotimo palibe akuzitenga ngati mlandu.

Lady Macbeth bwanji? Uja mesa ankamuyendetsa mamuna wake?

Ambiri tinakumana naye ku sekondale nde funsoli silimalephera. Ankamuyendetsa koyambirira kokha, ndipo chida chake chinali kumunyoza kuti si mamuna. Mfumu Duncan itangophedwa mphamvu za mayiyu zinatha. Za kupha Banquo mamuna wake sanamuuze, anangomuti usadziwe kaye wokondedwa. Kuchoka apo akuyenda kutulo akusamba m'manja, n'kufera kuseri osaonekera pasiteji. Mphamvu yake inali yobwereka, inkadutsira mwa mamuna.

Akazi ankasewera nawo masewerowa?

Ayi. Ku Athens onse anali amuna ovala zigoba kumaso, ku London mbali za akazi ankasewera anyamata osasintha mawu. Nde Medea ndi Emilia oyamba anali amuna, akunena mawu olembedwa ndi amuna. Ku England mkazi anayamba kuoneka pasiteji ya akatswiri mu December 1660, ndipo mbali yomwe anasewera inali ya Desdemona.

Khungu la Othello likukhudzana bwanji ndi nkhani ya banjayi?

Kwambiri. Othello ndi wakuda pakati pa azungu omwe amamufuna pankhondo koma osati ngati mkamwini, Brabantio ankamuitana kunyumba kudzacheza mpaka tsiku lomwe anakwatira mwana wake. Iago akulowera pa bala lomwelo, kumuuza kuti mtsikana wa ku Venice sangakhalitse ndi munthu ngati iwe, ndipo Othello akuyamba kukhulupirira kuti mwina poti ndine wakuda, mwina poti ndakula. Munthu wonyozedwa panja akukathera ukali pa yekhayo amene ali pansi pake m'nyumba. Kumvetsa zimenezi sikumuchotsera mlandu. Mu 1987 ku Market Theatre ku Johannesburg John Kani anasewera Othello ndi Desdemona wachizungu, tsankho la apartheid likadalipo, patangopita zaka ziwiri lamulo loletsa maukwati a anthu osiyana khungu litachotsedwa, ndipo ena mwa owonera ankatuluka akaona awiriwo akupsompsonana.

Olembawa ankadana ndi akazi kapena ankawaikira kumbuyo?

Euripides akadali moyo ankanenedwa kale kuti amadana ndi akazi, Aristophanes mpaka analemba sewero lanthabwala mu 411 BC momwe amayi a ku Athens akupangana zomulanga. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 amayi omenyera ufulu wovota ku England ankawerenga mawu a Medea omwewo pamisonkhano yawo. Ine sindikhulupirira kuti anthuwa ankamenyera ufulu wa amayi mmene timamvera lero, ankafuna sewero logwira mtima, ndipo anazindikira kuti kukangana kumakoma mbali zonse zikakhala ndi mfundo. Aeschylus yekha ndi amene ndimamuona kuti waimadi mbali ya amuna. Shakespeare amampatsa Emilia mawu akuthwa koma mathero amawapereka kwa Othello kuti adzifotokoze yekha ngati munthu amene anakonda mopyola muyeso, ndipo anthu ambiri amatuluka akumumvera chisoni iyeyo, zomwe ine zimandikwiyitsa ndithu.

Ndikufuna kuwerenga ndekha, ndiyambire pati?

Medea ndi lalifupi, mizere yake ndi 1400 ndi pang'ono, madzulo amodzi mwamaliza, ndipo poti ndi lomasuliridwa kuchokera ku Chigiriki mupeza la Chingerezi chosavuta. Othello chizungu chake n'cholimba, pezani buku lokhala ndi matanthauzo m'munsi, ndipo ngati nthawi ilibe werengani Act 1 Scene 3 kenako mulumphe mpaka Act 4 Scene 3 ndi Act 5 Scene 2, muwerenge mokweza ndi mnzanu wina akhale Desdemona wina Emilia. Sewero limeneli linasindikizidwa kawiri mosiyana, mu 1622 ndi mu 1623, ndipo la 1622 mulibe nyimbo ija ya Barbary komanso mulibe mawu aja a Emilia onena za zolakwa za amuna. Mabuku ambiri a masiku ano amaphatikiza zonse, koma magulu a zisudzo akafuna kufupikitsa amakonda kudula pomwepo, nde mukamakaonera mutchere khutu ngati Emilia apatsidwe mpata wake.